ZA MAKINA: Nkhoswe ya pakati pa makompyuta

Awerengi okondedwa a tsamba lino aganizire za mayi amene walawirira kuchipatala, mwana wodwala malungo ali kumsana. Mwana amutenga magazi ku laboratoriyo, zotsatira zatuluka, zalembedwa mu kompyuta. Koma kompyuta ya a namwino, m'nyumba yoyang'anizana nayo, ikukana kuzionetsa. Mayi uja adikira mpaka chapa yomaliza yamusiya. Makina onse ndi abwino, nthambo ndi zatsopano. Nanga chavuta n'chiyani?

Makompyuta olumikizidwa pamodzi m'nyumba imodzi ali ngati mudzi. Amisiri amautcha netiweki, pa Chipwitikizi rede. Kompyuta iliyonse m'mudzimo ili ndi nambala yake. Ku laboratoriyo zingakhale 192.168.1.10 ndi 192.168.1.11, kwa a namwino 192.168.2.10. Kawirikawiri zigawo zitatu zoyambazo ndi dzina la mudzi, chomalizacho ndi nyumba. Manambala oyamba ndi 192.168 anapatulidwa kuti azigwira ntchito m'kati mwa maofesi ndi m'makomo mokha, ndipo chikalata chimene amisiri amatsata pa nkhaniyi ndi cha 1996. Ndiye chifukwa chake nambala yomweyo ipezeka ku Ulónguè, ku Tsangano ndi ku Dedza komwe, monga a Banda ndi a Phiri apezekera mbali zonse za malire.

Tsono kompyuta imalankhula yokha ndi anzake a m'mudzi mwake basi. Mawu opita mudzi wina amafuna nkhoswe. Nkhosweyo ndi kompyuta imodzi, yotchedwa seva, yokhala ndi zibowo ziwiri zolowetsa nthambo: nthambo ina ya ku laboratoriyo, ina ya kwa a namwino. Imapatsidwa manambala awiri, 192.168.1.1 uku, 192.168.2.1 uko, kuti midzi yonse iwiri iyiyese yawo. Sipafunika makina odula. Kompyuta yakale ikhoza, ikakhala ndi Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991.

Koma Linux ikangoikidwa kumene imakhala yamwano pang'ono: imalandira mawu ake okha, a eni ake imataya. Muli malo otchedwa ip_forward, pamene palembedwa 0. Mmisiri asinthe palembedwe 1, ndipo asungenso kusinthako m'fayilo ya makonzedwe. Akapanda kutero, magetsi akangothima n'kuyakanso, nkhoswe yaiwala udindo wake.

Pamene ambiri amagwa ndi pa njira yobwerera. Kompyuta ya a namwino yauzidwa kuti khomo lake lotulukira, limene amisiri amati gateway, ndi 192.168.2.1. Funso lapita, nkhoswe yalifikitsa, ku laboratoriyo alimva. Ayankha bwanji? Ngati kumeneko kuli kale kabokosi ka intaneti, ka Movitel kapena Vodacom, makompyuta anazolowera kuponya kalikonse kachilendo pa khomo limenelo. Yankho lilowera kunja, kumene palibe wodziwa mudzi wa 192.168.2, ndipo litayika. Ali kwa a namwino angoona zii, n'kumati laboratoriyo sinamve. Inamva ndithu! Ndi ngati akuchimuna atumiza nkhoswe yawo, akuchikazi n'kupereka yankho kwa munthu wa pamsewu wopita ku Zóbuè. Mankhwala ake ndi mzere umodzi wolembedwa m'kabokosi kaja: zonse za 192.168.2 zidzere kwa 192.168.1.1. Ndipo ngati nambala imeneyi kabokosiko kanatenga kale, monga timabokosi tambiri timachitira, seva ipatsidwe ina, tinene 192.168.1.2, mzerewo uloze kumeneko.

Palinso tsoka lina, pamene nyumba ziwirizo zinalandira makina zaka zosiyana, kwa amisiri osiyana, onse n'kusankha 192.168.1. Midzi iwiri dzina limodzi, nkhoswe singadziwe kolowera. Chosavuta n'chakuti mudzi umodzi usinthe manambala.

Poyesa ngati njira yatseguka pali lamulo lotchedwa ping, ndiko kuodira: kompyuta imati odi, inzake n'kuyankha. Mmisiri wodziwa ntchito amaodira kuchokera mbali zonse ziwiri asanalandire ndalama yake ya ulendo.

Nkhoswe yabwino siulula zonse zimene yamva, ndipo seva nayo itero. Za matenda a munthu ndi chinsinsi, makamaka m'dera limene aliyense ndi mlamu wa wina. Seva ikhoza kuuzidwa kuti ilole kompyuta ya a namwino yokha kufika pa zotsatira, ya ku secretaria ayi. Kutsegula njira yonse chifukwa n'kosavuta ndi ulesi, ndipo a mafumu ndi a komiti ya zaumoyo ali ndi ufulu wofunsa kuti ndani akuona chiyani.

Kuchokera mumzinda wa Tete kufika ku Ulónguè ndi makilomita opitirira 200, ndipo mmisiri akapita sabwera mawa. Asananyamuke, akulu a pamalopo amupemphe alembe m'kope manambala onse, khomo la mudzi uliwonse ndi nthambo yolowa chibowo chiti. Tsamba lina limatidwe pa seva pomwepo, mawu achinsinsi okha asungidwe m'kabati yokiya.