Kafukufuku wa Zakudya Abwerere kwa Eni Ake

M'chaka cha 1938, pamene dziko lino linali pansi pa ulamuliro wa atsamunda, kunabwera gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt kudzafufuza zimene anthu a kumudzi amadya. Akatswiriwa anakakhala m'midzi ya m'boma limene nthawi imeneyo linkatchedwa Kota Kota. Analowa m'makomo, anayeza ufa ndi ndiwo pa sikelo, anayendera minda, anapima matupi a ana ndi akulu omwe, nalemba zonse m'mabuku. Amayi a m'midzimo anapirira kuona alendo akuwerengera chakudya cha pabanja pawo tsiku ndi tsiku.

Koma kodi eni midziwo anapindulanji? Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, zimene akatswiri aja anapeza zinatsekeredwa m'makabati. Njala yoopsa ya 1949 inabwera ndi kupita, mapepala ali chitsekeredwe. Anadzasindikizidwa mu 1992, patapita zaka zoposa 50, m'Chingerezi, ku Britain, pamene ambiri mwa amayi amene ufa wawo unayezedwa anali atagona kale kumanda.

Nkhani imeneyi njofunika kuikumbukira lero pamene ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo ndi zakudya yakula m'zipatala, m'sukulu ndi m'malo a ntchito a dziko lino. Kafukufuku ali ngati mlendo wobwereka khasu: ulemu wake uli pobweza. Magazi amene amatengedwa ndi a anthu, ana amene amayezedwa ndi a anthu, chotero nzeru zimene zapezeka ziyenera kubwerera kwa anthu omwewo, m'chinenero chimene amamva, ndiponso zisanduke ntchito yooneka ndi maso.

Malawi wodzilamulira waonetsa kale kuti zimenezi nzotheka, ndipo umboni wake waukulu ndi chiponde. M'masiku a m'mbuyomo, mwana wonyentchera kwambiri kapena wotupikana ankagonekedwa m'chipatala kwa milungu ingapo akumwetsedwa mkaka. Mayi wake ankasiya munda, ana ena ndi banja lonse, nakhala pambali pa bedi. Zipinda zinkadzaza, ana ankapatsirana matenda, ndipo amayi ambiri ankathawa ndi ana awo asanachire chifukwa cha mavuto a kumudzi. Amenewa sanali amayi osasamala. Anali amayi osowa pogwira.

Kuyambira mu 2001, Dr. Mark Manary pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anayesa njira ina. Anayamba kupereka kwa amayi chakudya chopangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ophikira ndi mavitamini, chimene chinayamba kukonzedwa ku France, kuti akadyetse ana awo kunyumba. Chakudyachi chilibe madzi, kotero tizilombo sitiswanamo. Sichifuna moto, ndipo mwana amangodya monga chilili. Mu 2002, pa nthawi ya njala yaikulu, njira yochizira ana kumudzi inayesedwanso m'boma la Dowa. Zotsatira za kafukufuku wina zimene zinatuluka mu 2005 zinaonetsa kuti mwa ana 100 alionse odya chiponde kunyumba, 79 anachira, pamene mwa ochizidwa m'njira yakale anachira 46 okha.

Zimenezi sizinatsekeredwe m'kabati. Unduna wa Zaumoyo unaitenga njirayi nuifalitsa m'maboma onse, chiponde chinayamba kupangidwa m'dziko momwe muno, ndipo mu 2007 mabungwe a United Nations oona zaumoyo, zakudya ndi ana anaivomereza kuti igwiritsidwe ntchito pa dziko lonse lapansi. Mu 2013 kafukufuku wina, wochitika pa ana 2,767 a m'midzi ya dziko lino, anatsimikiza kuti mwana wonyentchera akapatsidwa mankhwala opha tizilombo pamodzi ndi chiponde, mwayi wake wopulumuka umakula. Lero ana a m'maiko akutali akuchira ndi nzeru zimene amayi a ku Malawi anathandiza kuzitsimikiza pololera kuti ana awo ayezedwe. Ulemu umenewu ngwa mtundu wonse.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi polimbana ndi matenda. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2001 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika msinkhu wa sukulu, 59 anali operewedwa vitamini ameneyu. Boma linalimbikitsa kupereka vitaminiyu kusikelo ndi kumuthira mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Pofika 2009 chiwerengero chinatsika kufika pa 22, ndipo mu 2015 ndi 2016 chinali pa 4. Pakanapanda makolo olola kuti ana awo atengedwe kadontho ka magazi, palibe akanadziwa kukula kwa vutoli, ndipo palibe akanadziwa kuti likuchepa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Boma losafufuza limawononga chuma cha anthu pochiza nthenda imene silikuidziwa.

Komabe nkosayenera kuombera m'manja ntchito isanathe. Kupinimbira kwa ana kukadali chilonda cha mtundu uno. Mu 2010 ana 47 mwa 100 alionse osapitirira zaka 5 anali opinimbira. Mu 2015 ndi 2016 anali 37, ndipo kafukufuku wa 2024 anapeza kuti chiwerengerochi sichinatsikenso. Mwana wopinimbira saoneka wodwala. Amasewera ndi anzake, makolo nangoti ngwamfupi ngati agogo ake. Koma kuperewera kwa zakudya m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwana zaka 2, kumabwezera m'mbuyo thupi ndi ubongo womwe, ndipo kukonza pambuyo pake nkovuta. M'mera mpoyamba.

Vuto loyambira pamsana pa mayi limakaonekera m'kalasi. Mphunzitsi aliyense wa kumudzi amamdziwa mwana wosinza dzuwa lisanakwere chifukwa wachoka kunyumba osalawa kanthu. Ntchito ya phala m'sukulu, monga ya bungwe la Mary's Meals limene linayambira m'dziko muno mu 2002, yakokera ana ambiri kusukulu. Koma phala lokha silokwanira ngati mwana ali ndi njoka za m'mimba kapena likodzo, zimene zimamutha magazi. Nchifukwa chake azaumoyo amafika m'sukulu kudzayeza mikodzo ndi chimbudzi cha ana, kuti adziwe madera amene afunika mankhwala msanga. Kholo louza mwana wake kuti ajombe tsiku limenelo likumana mwana wake yemwe chithandizo.

Kuchokera m'kalasi vutoli limapita kuntchito. Kafukufuku wa mtengo wa njala mu Africa anawerengera kuti m'chaka cha 2012 chokha, kuperewera kwa zakudya m'matupi a ana kunatayitsa dziko lino chuma chofanana ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a chuma chonse chimene linapanga m'chakacho. Chuma chochuluka mwa chimenechi chinatayika chifukwa cha anthu amene anamwalira asanafike msinkhu wogwira ntchito, ndi ena amene anakula opanda mphamvu ndi maphunziro okwanira. Eni makampani, mafakitale ndi minda ikuluikulu ya tiyi, fodya ndi nzimbe ayenera kumva bwino mfundo imeneyi. Wantchito wodya nsima ndi nyemba zokhazokha chaka chonse sangapereke mphamvu zimene alibe. Nkoyenera kuti olemba ntchito atsegule zipata kwa azaumoyo ofuna kufufuza zimene antchito amadya ndi matenda amene amawavuta, ndipo zotsatira zake aziuzidwe antchito eni ake, osati mabwana okha.

Pali anthu ena amene amakayikira ntchito imeneyi, ndipo si nzeru kuwaseka. Munthu akaona alendo akubwera pa galimoto, kutenga magazi ndi kupita osabweranso, mtima wake umadzaza mafunso, ndipo pamene palibe yankho mphekesera zimamera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinawanda m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ntchito zina za chithandizo zinaima. Mabodza otere ngadani a chitukuko ndipo owafalitsa ayenera kudzudzulidwa poyera. Koma mankhwala enieni a mphekesera ndi kuuza anthu zoona.

Malamulo aakulu a dziko lino amanena momveka kuti munthu asachitidwe kafukufuku wa zachipatala popanda chilolezo chake. Wofufuza aliyense ayenera kuyamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku, kenaka afike kwa mfumu, afotokoze cholinga chake, anene kumene magazi apite ndi chimene akayezedwe, ndipo wokana asaumirizidwe kapena kumanidwa chithandizo kuchipatala. Ntchito ikatha abwererenso pabwalo lomwelo kudzanena zimene wapeza. Wofufuza amene amalemba mapepala a m'Chingerezi nakalandira ulemu kunja, osabwerera kumudzi kumene anatenga nzeruzo, akutsata mapazi a atsamunda a 1938.

Dziko lino tsopano lili ndi akatswiri akeake. Sukulu ya udokotala imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi sukulu ya zaulimi ya ku Bunda, zaphunzitsa ana a dziko lino odziwa chinenero, miyambo ndi maphikidwe a kwawo. Amenewa alibe chifukwa cholankhulira kudzera mwa womasulira. Nkofunika kuti Boma liwapatse zipangizo ndi ndalama, kuti mafunso ofufuzidwa akhale ochokera ku mavuto a dziko lino, osati ongotsata zofuna za opereka thandizo.

Mutu umodzi susenza denga. Atsogoleri a zipani m'nthambi ndi m'madera, mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo ali ndi udindo wolimbikitsa anthu kulandira ofufuza ovomerezeka, ndiponso udindo wofunsa ofufuzawo tsiku limene adzabwere ndi mayankho. Amayi apitirize kupita ndi ana kusikelo ndi kuwaphikira zakudya za magulu 6 kuchokera ku zokolola za m'munda mwawo. Abambo aleke kugulitsa mtedza, soya ndi nyemba zonse, ana kumudzi natsala ndi phala la ufa woyera. Ndipo chiponde chopatsidwa kwa mwana wodwala ndi mankhwala. Wochigulitsa pamsika kapena kuchidya yekha akuba moyo wa mwana.