Kachewere wa m'botolo ndi wa mlimi

Mbewu ya chimanga mukhoza kuyiumitsa n'kuyisunga zaka zambiri pamalo ozizira. Kachewere ayi. Pakangotha miyezi yochepa waphuka kapena waola, ndipo njere za m'tizipatso take sizibereka mtundu wofanana ndi make. Kumubzala chaka ndi chaka nako kumamusiya pambalambanda, chiwawu ndi mavairasi zikumudikira. Mtundu ukatha m'minda, watheratu.

Nchifukwa chake ndikuyamikira ntchito ya bungwe la International Potato Center, lomwe linakhazikitsidwa ku Lima, m'dziko la Peru, mu 1971. Peru ndi kwawo kwa kachewere, ndipo bungweli likusunga mitundu ya makolo yoposa 4,000. Akatswiri amadula kansonga ka mphukira, n'kukadzala m'kabotolo kagalasi momwe muli chakudya chonga phala. Amaonjezamo shuga wina wotchedwa sorbitol, kuzizira n'kukhala pakati pa madigiri 6 ndi 8, kuti kambewuko kazikula mwaulesi koma osafa. Motero kamakhala pafupifupi zaka ziwiri asanakasamutsire m'botolo lina.

Wina afunsa: kudzivutitsa chonchi pofuna chiyani? Afunse anthu a ku Ireland. Iwo anadalira kwambiri mtundu umodzi, Lumper. Chiwawu chitabuka mu 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma mfundo yanga yagona apa: mbewu yotsekeredwa m'botolo siphika ndiwo. Mu 2004 bungweli linagwirizana ndi alimi a ku Parque de la Papa, kufupi ndi Cusco, ndipo mitundu pafupifupi 400 inabwerera kwa eni ake itachotsedwa mavairasi. Kusunga kwenikweni ndi kumeneko. Botolo ndi nkhokwe chabe, mwini mbewu ndi mlimi.

Nanga ife kuno? Alimi a ku Dedza, Ntcheu ndi Tsangano akhala akusunga okha mitundu ngati Violet ndi Rosita, akupatsirana mbewu pamodzi ndi matenda ake omwe. Nkhokwe ya mbewu za dziko lino tili nayo ku Chitedze. Ndikupempha aphungu athu kuti akamakambirana bajeti ya zaulimi azifunsa poyera: ndi mitundu iti ya kachewere yomwe yasungidwa, ndalama ndi magetsi osazimazima zilipo, nanga mlimi akayifuna mbewuyo apite kwa yani? Yankho lake tonse tili ndi ufulu wolimva.