Mphotho ya Ndakatulo M'dzina la Steve Chimombo

Pa 11 Disembala 2015 dziko lino lidataya Pulofesa Steve Chimombo, mlakatuli wa ku Zomba amene adaphunzitsa zaka zambiri pa Chancellor College. Ife tikupempha aphunzitsi a m'maboma a Machinga ndi Balaka kuti akhazikitse mphotho ya ndakatulo m'dzina lake, yopikisanirana ophunzira a sekondale pamodzi ndi achinyamata amene adatsiriza Fomu 4 posachedwa. Palibe chifukwa chodikirira kuti wina wa ku Lilongwe ayambe waganizira zimenezi. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Wina afunsa kuti bwanji munthu wa ku Zomba, ngati kuno kulibe ana akeake. Yankho liri m'mapiri. Aliyense wokhala m'tsinde mwa Chikala kapena moyang'anana ndi Malosa adamvapo za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene akuluakulu amati chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, monga zidachitikira mu Zomba m'chaka cha 1946. Chimombo adatola dzina limeneli pakamwa pa anthu wamba nalisandutsa ndakatulo. Buku lake la Napolo Poems lidatuluka mu 1987, ndipo chaka chotsatira oweruza a mphotho ya Noma, yokhudza Africa yense, adalitchula mwaulemu. Sewero lake la The Rainmaker, la mu 1978, likunena za M'bona. Mwana wa ku Ntaja kapena ku Phalula akadziwa zimenezi amazindikira kuti nkhani za agogo ake ziri ndi malo m'buku.

Koma chachikulu chimene tikufuna kukumbukira ndi uphunzitsi wake. Pa Chancellor College padali gulu la alembi, Writers Group, limene lidayamba mu 1970. Mlembi ankabwera ndi ndakatulo yake, anzake naiwerenga, naisenda mzere ndi mzere iye ali pomwepo. Zidali nthawi zoopsa: Jack Mapanje, mmodzi wa oyambitsa gululo, adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chimombo adali m'gulu limeneli, ndipo pambuyo pake adayambitsa magazini ya WASI yonena za alembi ndi zaluso. Ntchito yotere, yowerenga zolemba za ena ndi kuzipezera potulukira, ndiyo iyenera kukhala mtima wa mphothoyi.

Tikunena izi chifukwa mipikisano yambiri imathera pa envulopu. Mlendo wolemekezeka afika mochedwa, zoyankhula zitenga maola awiri, wopambana alandira kangachepe ndi kujambulitsa, ndipo ndakatulo yopambanayo palibe waimva. Amene sadapambane, omwe ndiwo ochuluka, amabwerera osadziwa pamene padapotoka, ndipo chaka chamawa salembanso.

Tsono lamulo loyamba likhale lakuti ndakatulo iriyonse yotumizidwa ibwerere kwa mwini wake iri ndi ndemanga ya woweruza, ngakhale ya mizere itatu yokha. Ndi ntchito yolemetsa kwa mphunzitsi amene ali kale ndi milu ya makope, tikudziwa. Koma popanda ndemangayo dzina la Chimombo lingokhala chokongoletsa chikalata. Opambana alandire mabuku, akhale tsiku lathunthu ndi mlakatuli wodziwika akuwongola zolemba zawo, ndipo ndakatulo makumi awiri zabwino zisindikizidwe m'kabuku kogawidwa m'sukulu zonse za maboma awiriwa. Makina osindikizira sali kutali, pakuti pa Balaka pali a Montfort Media. Ku South Africa, mlakatuli Ingrid Jonker atamwalira mu 1965, anzake adakhazikitsa mphotho m'dzina lake ya mlakatuli amene watulutsa buku lake loyamba, ndipo ulemu wa mphothoyo wachokera pa mayina a amene yawatulutsa poyera.

Nkhani ya chiyankhulo idzautsa mtsutso. Chimombo adalemba kwambiri m'Chingerezi, ngakhale adalembanso sewero la Chichewa la Wachiona Ndani? Ife tikuti mpikisano ulandire Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi, chirichonse ndi oweruza ake. Ana ambiri a ku Nsanama, ku Nayuchi ndi ku Ulongwe amalota m'Chiyao, ndipo kuwatsekera khomo ndi kutaya alakatuli tisadawamve n'komwe. Mutu wa ndakatulo usankhidwe ndi mlembi yekha. Tikalamula kuti onse alembe zotamanda malemuyo, tidzalandira mtolo wa ndakatulo zofanana ngati njerwa za m'chikombole chimodzi.

Pa za chilungamo, mapepala apite kwa oweruza ali ndi manambala m'malo mwa mayina, ndipo aphunzitsi a ku Balaka aweruze za ku Machinga, a ku Machinga za ku Balaka.

Dzina la malemu liri ndi eni ake. Zonsezi zisadayambe, aphunzitsi awiri kapena atatu a Chichewa ndi Chingerezi apite kukagwada kwa banja la Chimombo kukapempha chilolezo, atanyamula malamulo a mpikisanowo olembedwa kale papepala.