Minda ikukula, chigwa sichikula

Okutobala akafika m'chigwa cha Luangwa, malata amayamba kulankhula. Masana kutentha kukapitirira madigiri 40 denga limangoti thethethe, usiku likamazizira limaliranso. Palibe za ufiti apa. Chitsulo chikatentha chimatalika, chikazizira chimabwerera. Mtanda wachitsulo wa mamita 100 ukatentha ndi madigiri 30 umawonjezera masentimita oposa 3, n'chifukwa chake omanga milatho amasiya kampata polumikiza. Dothi lathu la makande limachitanso zomwezo ndi madzi: mvula ikagwa limafufuma n'kumeza matayala a galimoto, chilimwe limang'aluka ming'alu yolowa dzanja, ndipo khoma lomangidwa pamenepo popanda maziko akuya silichedwa kusweka. Kukula kotereku kuli ndi ulemu wake. Kumayezeka, ndipo kumabweza malo amene kwabwereka.

Kukula kumene andale amatiuza pamisonkhano n'kwina. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'boma la Mambwe. Wa 2022 anapeza oposa 100,000. Msewu wochokera ku Chipata unathiridwa phula mpaka ku Mfuwe. Pa Cropping, kumene m'zaka za m'ma 1960 boma linkaphera njovu ndi mvuu pofuna kuzichepetsa, lero pali mashopu, mabala ndi timisasa totumizira ndalama pafoni. Zimene Norman Carr anayamba ndi Mfumu Nsefu mu 1950, kampu yoti alendo aziona nyama m'malo moziwombera, zabala maloji ambirimbiri, ndipo ana a Akunda ambiri aphunzira ndi malipiro a ophika, oyendetsa galimoto ndi operekeza alendo m'thengo. Wonyoza zimenezi ndi wokhuta.

Koma aliyense wobwera kudzafuna ntchito amafunanso pomanga, nkhuni ndi munda. Mnyamata akakwatira amapita kwa anyakwawa kukapempha lima wake wa chimanga ndi wina wa thonje. Limayo sagwa kumwamba. Amadulidwa pathengo la mitengo ya tsanya, ndipo akadulidwa sabwereranso ngati chitsulo chija.

Lupande ndi malo amene lamulo linati anthu ndi nyama azikhala pamodzi, m'maufumu a Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Tsidya lina la mtsinje wa Luangwa kuli paki ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake, koma njovu sidziwa malire. Madzi akaphwa imawoloka usiku kutsata mango ndi nkhokwe, podzera njira zimene agogo ake ankadzera. Chondidabwitsa n'chakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chigwachi chinali ndi njovu pafupifupi 100,000, opha nyama mozemba anazipulula m'zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero sizinabwerere pachiwerengero chimenecho. Komabe madandaulo sakutha. Ndiye tikamati njovu zachuluka tizionanso kumene minda yathu yafika.

Nkhaniyi si yachilendo kuno. Msonkhano wa mu 1983 wokambirana za chitukuko cha Lupande ndiwo unabala ADMADE, ndondomeko yoti anthu a m'midzi azilandirako ndalama za nyama. Kenako kunabwera ndondomeko ina yotchedwa LIRDP ndi thandizo la dziko la Norway. Mu 2003 Dale Lewis anakhazikitsa COMACO, imene imagula mtedza, mpunga ndi uchi kwa alimi olonjeza kusiya misampha, n'kuzigulitsa m'matauni ndi dzina la It's Wild! Ine ndili kumbali ya maganizo amenewa: munda womwewo ubereke zambiri, mtedza womwewo ugulidwe pamtengo wabwino chifukwa wasinjidwa kukhala chiponde. Chuma chikhoza kukula chonchi osadya thengo. Kungoti mlimi sadya malonjezo. Mtengo ukatsika kapena ogula akachedwa, nkhwangwa ili pakhonde pomwepo.

Za mafoni ndiye zimaoneka ngati zilibe mlandu. Nsanja ya netiweki imangofuna kamalo kochepa, koma imafikira midzi yambiri, ndipo mnyamata wogwira ntchito paloji amatumizira amayi ake kwa Msoro ndalama pa Airtel Money osalipira thiransipoti. Foni yomweyo ndi imene wogula makala m'tauni amaimbira wootcha kuti matumba akhale pamsewu Lachisanu, phula lija n'kuwanyamula bwinobwino.

Pempho langa kwa mafumu, khonsolo ndi makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe (ma CRB) n'lakuti njira za njovu zilembedwe, ziikidwe zizindikiro zoti aliyense aone, ndipo pasapezeke wogawira munthu malo pamenepo, kaya ndi mwana wa m'mudzi kaya ndi mwini loji wobwera ndi chikwama. Pakali pano wopatsidwa munda panjira yotere amachezera pansanja mvula yonse, kumenya zitini ndi kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe. Njovu zikadyabe, a zanyama, amene ambiri timawatchabe a ZAWA, amabwera n'kulemba lipoti, koma lamulo la Zambia silipereka chipukuta misozi pa mbewu zodyedwa ndi nyama zakuthengo.