Mpando wa Kutsogolo m'Ndege: Walipira Ndani?

Aliyense amene anawolokapo pa boti kuchokera pa doko la Kachulu kunka ku chilumba cha Chisi, pa Nyanja ya Chilwa, adziwa kuti malo a m'boti si ofanana. Pali thabwa louma, palinso pena pamene madzi amakuwaza kufikira chitenje chonse chitanyowa. Kawirikawiri thabwa loumalo limapita kwa mayi wogula matemba amene amawoloka sabata ndi sabata, pamene mlendo wa tsiku limodzi amakhala pamene papezeka. Sitinamvepo kuti wina anakasuma kwa Gogo Chalo Mkumbira kaamba ka zimenezi, pakuti onse amadziwa kuti mwini boti akusamala munthu amene amamdyetsa.

Mwambo womwewu uliponso pa mabwalo a ndege. Kutatsala mphindi zochepa kuti anthu akwere, kalaliki wa pa chipata amaitana dzina la munthu mmodzi, namsinthira tikiti ya kumbuyo ndi ya mpando wa kutsogolo, wotakasuka, wa chakudya chabwino, osawonjeza ngakhale tambala. Otsala pa mzere amayamba kung'ung'udza kuti pamenepo papita kangachepe kapena ndi pachibale. Nthawi zambiri kalalikiyo amanamiziridwa.

Chimene chimachitika ndi ichi. Makampani a ndege amagulitsa matikiti a kumbuyo oposa mipando imene ilipo, podziwa kuti ena safika. Onse akafika, ena ayenera kusamutsidwira kutsogolo kumene kwatsala malo. Mayina ake amasanjidwa ndi kompyuta. Choyamba imaona udindo wa munthu pa khadi la okwera pafupipafupi, kenaka mtengo wa tikiti imene wagula, ndipo awiri akafanana imaona amene anayamba kulembetsa. Suti ndi tayi, ngakhale mawu okoma kwa kalaliki, sizisuntha dzina pa mndandandawo.

Njirayi inafala kuyambira mu 1981 pamene kampani ya American Airlines inakhazikitsa makhadi a AAdvantage. Kampani ya Ethiopian Airlines ili ndi ShebaMiles, m'mene munthu amayamba pa Blue, nakwera pa Silver, Gold kufikira Platinum malinga ndi maulendo ake. Kampani imeneyi ndi yomwe inatenga magawo 49 pa 100 alionse m'kampani ya ndege ya dziko lino imene inayamba kuuluka mu Januwale 2014, Air Malawi itatsekedwa mu 2013. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika: kampani ikakupatsa mpando wa kutsogolo lero, ifuna kuti mawa usakwere ya mnzake. Ife sitionapo cholakwa pamenepa. Ndi malonda.

Koma inu ogwira ntchito m'Boma, ndi inu atsogoleri a Chipani amene mumatumidwa kunja, pali kusiyana kumodzi pakati pa inu ndi mayi wa matemba uja. Iye amamasula ndalama pa mfundo ya chitenje chake. Tikiti yanu imagulidwa ndi Thumba la Boma, ndipo m'thumbamo muli msonkho wa msodzi wa ku Chisi, umene amapereka akagula mayunitsi a foni. Ulendo walipira ndi iye, koma mamailosi ndi khadi la Gold zimalembedwa m'dzina lanu.

Apa ndi pamene pabisala chiyeso. Bwana amene watsala pang'ono kufika pa Gold angathe kukana ndege yotsika mtengo, nasankha yozungulira kutali kuti mamailosi achuluke. Angathe kupempha tikiti yokwera mtengo chifukwa imamuika pamwamba pa mndandanda. Msonkhano umene akanatuma wachiwiri wake, kapena umene ukanachitika pa intaneti, amati sungatheke popanda iye. Palibe risiti imene ingaonetse kuti paba munthu, koma ndalama yapita ndithu.

Maiko ena anakumana nayo nkhaniyi. Ku Germany mu 2002, andale awiri odziwika, a Gregor Gysi ndi a Cem Özdemir, anatula pansi maudindo zitadziwika kuti mamailosi a maulendo a ntchito anawagwiritsa pa maulendo aokha. Ku America anatsata njira ina: kumapeto kwa 2001 anakhazikitsa lamulo lolola ogwira ntchito m'Boma kusunga mamailosi awo. Ife tiona kuti dziko losauka ngati lathu silingatengere America. Mamailosi opezeka pa ulendo wa Boma agulire tikiti ya ulendo wina wa Boma, ndipo ndalama yopulumukayo ikagule mankhwala a kolera, matenda amene avutitsa asodzi a pa Chilwa kangapo konse.

Mpando wa kutsogolo ukakupezani pa chipata, Boma litagula tikiti yotsika mtengo, khalanipo ndi mtima woyera, simunabere munthu. Chimene tikupempha Alembi Aakulu a Maunduna n'chakuti pa fomu yopempha ulendo wa kunja pakhale mizere iwiri: wina wolembapo mitengo ya makampani osachepera atatu opita kumeneko, wina wolembapo nambala ya khadi limene mamailosi a ulendowo alowe.