Botolo: Mlendo Amene Anasanduka Mwinimudzi

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Alipo mawu ambiri amene anthu amawatchula kuyambira m'mawa mpaka usiku popanda kufunsa kumene anachokera, ndipo limodzi mwa mawu otere ndi liwu lakuti botolo. Mwana akatumidwa kukagula mafuta ophikira amanyamula botolo. Wodwala akamachokera kuchipatala amapanira kabotolo ka mankhwala m'khwapa. Palibe amene amaima n'kuganiza kuti liwuli ndi mlendo. Komabe alipo ena okonda chilankhulo amene amanena kuti mawu onga botolo, supuni ndi tebulo ndi mankhusu m'Chichewa, ndipo ayenera kupetedwa n'kutayidwa kudzala. Maganizo amenewa amachokera mumtima wabwino, koma ndi olakwika, ndipo mboni yake ndi mbiri ya liwu lomweli.

N'zoona kuti botolo linachokera ku liwu la Chingerezi lakuti bottle. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Angerezi nawonso anachita kubwereka. M'chaka cha 1066 anthu a ku Normandy, olankhula Chifalansa, anagonjetsa dziko la England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chilankhulo cha mafumu ndi mabwalo a milandu. Mawu ambirimbiri a Chifalansa analowa m'Chingerezi m'nyengo imeneyo, ndipo pofika zaka za m'ma 1300 liwu lakuti boteille linali litakhazikika pakamwa pa Angerezi, amene analipinda kukhala botel, kenaka bottle. Afalansa nawo analitenga ku Chilatini, kumene butticula linkatanthauza kambiya, pakuti buttis unali mgolo kapena chotengera chachikulu cha vinyo. Ana ena a liwu lomweli alipo mpaka lero: anthu a ku Spain amati botella, a ku Italy amati bottiglia. Choncho pamene linkafika m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, liwuli linali litagona kale m'nyumba zitatu, ndipo nyumba iliyonse inalimeta mwa mtundu wake.

Ngakhale chinthu chimene liwuli limatchula chakhala chikusintha. Botolo loyamba la Angerezi kawirikawiri linali thumba la chikopa losokedwa bwino, pakuti galasi linali lodula ndiponso losachedwa kusweka. Ichi ndicho chifukwa chake Baibulo la Chingerezi la King James, la m'chaka cha 1611, limagwiritsa ntchito liwu lakuti bottles pa fanizo lija la vinyo watsopano ndi matumba akale, pa Mateyu 9:17. Wowerenga wa lero amadabwa kuti botolo lingaphulike bwanji chifukwa cha ukalamba, koma fanizolo likunena za chikopa chimene chauma ndipo sichingathenso kutamuka vinyo akayamba kuwira. Mabotolo a galasi olimba anayamba kufala ku England m'zaka za m'ma 1630, pamene ng'anjo za malasha zinayamba kupereka moto woopsa kuposa wa nkhuni. Kachitsekero kachitsulo ka mano m'mbali, kamene ana amaseweretsa pabwalo, anakapanga William Painter ku Baltimore mu 1892. Makina oumba mabotolo paokha anadza ndi Michael Owens mu 1903, ndipo botolo la pulasitiki la zakumwa, limene ladzaza ngalande za m'matauni, linalembetsedwa ndi Nathaniel Wyeth mu 1973. Chikopa chinapita, galasi likupita, koma dzina lidakalipo.

Angerezi atalilandira liwuli, analiberekera ana ndi zining'a. Wantchito wamkulu wa m'nyumba ya bwana amamutcha butler, ndipo dzinali poyamba linkatanthauza wosunga mabotolo a vinyo. Malo opanikizika pamsewu, pamene magalimoto ambiri amalimbirana kanjira kamodzi, amawatcha bottleneck, ndiko kuti khosi la botolo. Munthu wosunga mkwiyo kapena chisoni mumtima amati wazitsekera m'botolo, monga momwe Mchewa amanenera kuti wakuti akufera m'kati. Munthu amene wagwa m'uchidakwa amamunena kuti wagwira botolo. Ku Britain, m'chilankhulo cha m'misewu, liwu lomweli limatanthauzanso kulimba mtima, kotero kuti munthu amene wachita mantha pa nthawi yofunika amati wataya botolo lake.

Palinso msampha umodzi umene uyenera kuchenjeza aliyense wokonda kumasulira miyambi. Angerezi akale anali ndi mwambi wonena za kufunafuna singano m'bottle ya udzu. Wosafunsa angaganize za udzu wofwatikidwa m'botolo la galasi, koma limeneli ndi liwu lina, lochokera ku Chifalansa botel, kutanthauza mtolo. Mwambiwo unkanena za singano yotayika mumtolo wa udzu, ndipo pamene liwu la mtolo lija linaiwalika, Angerezi anaikapo mulu wa udzu kuti mwambi usafe. Apa pali phunziro: liwu likafa, mwambi umene unaliberekera kumsana umayamba kutsimphina.

Tsono taonani chimene Chichewa chinachita ndi mlendoyu. Lilime la Mchewa silikonda kumaliza liwu pouma, ndiponso silikonda kugundanitsa t ndi l popanda mpumulo pakati. Motero bottle anamuvula jekete n'kumuveka nsalu, ndipo anakhala bo-to-lo. Kenaka anamupatsa mbumba: botolo ili, mabotolo awa, monga dengu ili, madengu awa. Likachepa ndi kabotolo, akachuluka ang'onoang'ono ndi timabotolo, likakula mopyola ndi chibotolo. Mngerezi sangachite zimenezi ndi liwu lake lomwe. Liwu limene limamvera malamulo onse a pamudzi motere silingatchedwenso mlendo. Ndipo amene akufuna kulipirikitsa ayambe wavula nsapato, pakuti zimenezo ndi sapato za Apwitikizi, ndipo asalandirenso kalata, pakuti imeneyo ndi carta yawo. Chilankhulo chimene sichibwereka ndi chilankhulo cha anthu osayenda ndi osalandira alendo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma nkhani siithera pamenepa. Odandaula aja akuona utsi weniweni, kungoti akuloza nyumba yolakwika. Choopsa si kubwera kwa botolo ayi, koma kuchoka mwakachetechete kwa mawu amene analipo lisanabwere. Makolo anali ndi dzina la chotengera chilichonse molingana ndi ntchito yake. Mtsuko unali wotungira ndi kusungira madzi, ndipo unkawaziziritsa popanda magetsi. Mbiya inali yofululira mowa. Chikho chinali chotungira ndi chomwera. Chipanda chinali cha mowa ndi thobwa. Nsupa inali yosungira mafuta a nsatsi odzola ndiponso mankhwala. Lero zonsezi zamezedwa ndi mawu awiri kapena atatu: botolo, kapu ndi chigubu. Mwana wa mutauni akamva liwu lakuti nsupa amangoganiza za ufiti, osadziwa kuti agogo a agogo ake ankasungamo mafuta odzoza khanda. Liwu lolemekezeka latsala ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo ndi tanthauzo lochititsa manyazi.

Pamodzi ndi mawuwo pakuchokanso mwambo. Chipanda sichinali cha munthu mmodzi. Pamowa wa dima, anthu akaweruka kumunda kwa mnzawo, ankakhala mozungulira, ndipo mwini mowa ankayamba walawa pamaso pa onse kusonyeza kuti mulibe choipa. Kenaka chipanda chinkayenda kuchokera kwa akulu kutsikira kwa ang'ono. Womwa mopupuluma ankaonedwa ndi maso onse, ndipo manyazi okha ankamubweza. Mnyamata wosakhwima sankayandikira n'komwe. Botolo lili ndi khalidwe lina. Limabwera lotseka, ndiye palibe chifukwa cholawirana. Limakwana m'thumba la malaya, ndiye munthu atha kumwa yekha kuseri kwa nyumba popanda womuwerengera. Limagulidwa ndi ndalama, ndiye silifunsa msinkhu kapena ntchito imene munthu wagwira. Kunena izi si kunamizira kuti kale kunalibe zidakwa, pakuti zinalipo, ndiponso si kuiwala ubwino wa botolo. Mankhwala osindikizidwa bwino ndi madzi otetezeka apulumutsa miyoyo yambiri, ndipo kumwera pachikho chimodzi kunali ndi matenda ake. Koma chipanda chinali ndi mpanda umene botolo lilibe, ndipo mpandawo ukagwa pamafunika kumanga wina.

Chofunika tsono si kuthamangitsa mlendo, koma kuonetsetsa kuti eni nyumba asagone panja. Botolo likhale, pakuti ladya kale nsima ya pamudzi ndipo ndi Chichewa chenicheni. Koma mphunzitsi akamaphunzitsa mayina a ziwiya, abweretse chipanda ndi nsupa m'kalasi kuti ana azigwire ndi manja. Kholo limene lili ku Johannesburg kapena ku Leeds, limene ana ake amadziwa botolo lokha, liwauze kuti kwawo kuli mphonda imene imabzalidwa, kuumitsidwa ndi kukombedwa m'kati mpaka kusanduka chiwiya. Ndipo mdzukulu amene ali ndi mwayi wokhala ndi agogo amoyo akhale nawo pansi n'kufunsa dzina la chiwiya chilichonse chimene chili kukhitchini ndi kuseri kwa nkhokwe, n'kulilemba. Angerezi anasunga mbiri ya liwu lawo kwa zaka zoposa 600 chifukwa chakuti panali anthu olemba. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wina amene anawasunga.