Botolo la Akangaude pa Zenera la Kalasi

M'mwezi wa Okutobala tinakwera mapiri a kum'maŵa kwa boma la Mangochi kukayendera mmodzi wa ophunzira athu amene anali kuyeserera uphunzitsi pa sukulu ina ya kwa Chowe. Mnyamatayu anali atakonza bwino ngodya ya zachilengedwe m'kalasi la Sitandade 5. Pa zenera panali mabotolo anayi, ndipo m'botolo lililonse munali akangaude aang'ono ongoswedwa kumene, amene ana asukulu anatola pansi pa mabenchi. Koma titayang'anitsitsa tinapeza kuti onse anali atafa, miyendo itapindikira mkati. Titamfunsa chifukwa chimene anaikira mabotolowo padzuŵa, anayankha kuti buku lake linanena kuti akangaude otere amafuna malo ofunda.

Bukulo silinaname ayi. Linalembedwa ku England, ndipo linali kunena za akangaude a mtundu wa Steatoda, amene kumeneko amawatcha false widow chifukwa amafanana ndi akangaude aululu a mtundu wa Latrodectus. Wodziŵika kwambiri mwa iwo, Steatoda nobilis, kwawo ndi ku zilumba za Madeira ndi Canary, ndipo ku England anaonedwa koyamba mu 1879 pafupi ndi Torquay. Anthu amene amawaŵeta kumeneko amawasunga m'chipinda chofunda madigiri 20 mpaka 25. Mlembi wa bukulo anali kuopa chisanu, pamene ife mdani wathu ndi dzuŵa. Kunsi ku Mangochi kutentha kwa masana a Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 35. Kwa Chowe, pokhala pokwera, kumaombako kamphepo, komabe denga la malata limasandutsa kalasi ng'anjo, ndipo botolo lotseka likakhala padzuŵa limatentha koposa mpweya wa panja.

Kangaude sasunga kutentha m'thupi mwake monga achitira munthu kapena nkhuku. Thupi lake limatsata malo amene ali. Kukazizira amadya pang'ono, amachedwa kufundula, ndipo amakula mwapang'onopang'ono. Kukafunda amakula msanga. Koma kutentha kukapyola muyeso madzi a m'thupi amauma, ndipo wamng'ono ngati kambewu ka chitowe sachedwa kuuma. Kangaude amatambasula miyendo yake ndi mphamvu ya madzi a m'thupiwo, n'chifukwa chake wakufa amaoneka wopinda miyendo. Kutchire akamva kutentha amathaŵira pansi pa mwala. M'botolo alibe kothaŵira.

Maganizo athu tsono ndi aŵa: mphunzitsi asayambe ndi kugwira akangaude, ayambe ndi kuyeza kalasi lake. Kwa masabata aŵiri ana aŵerenge themomita pa zenera ndi pansi pa ngodya ya mthunzi, pafupi ndi mtsuko wa madzi, m'maŵa, masana ndi poŵeruka, namalemba m'makope mwawo. Akatero adzasankha okha malo oyenera. M'miyezi yotentha botolo likhale pansi, kutali ndi zenera ndi denga. Mu Juni ndi Julaye, pamene usiku wa kumapiri umazizira, likwezedwe pa alumali, koma padzuŵa ayi. Kukamwa kwake kumangidwe kansalu kopyapyala m'malo mwa chivindikiro, mkati muikidwe timitengo tomangapo ukonde ndi kathonje konyowa. Chakudya chawo ndi tintchentche timene timaunjirira mango ndi nthochi zopsetsa. Akayamba kukula agaŵidwe m'mabotolo osiyana, pakuti amadyana okhaokha.

Ena mwa inu adzati sukulu zambiri zilibe themomita. N'zoona, koma chimenechi si chifukwa cholekera kuyeza. Thirani madzi m'mabotolo aŵiri, lina pa zenera lina pansi pa ngodya, ndipo masana mwana aliyense aŵiikemo chala. Dzanja silitchula nambala, koma silinama. Ena adzati zonsezi zikudya nthaŵi ya phunziro. Ife tikuti kuyezako ndiye phunziro lenilenilo la Sayansi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tichenjezepo chinthu chimodzi. M'nyumba zathu muno m'Malaŵi mumapezeka kaŵirikaŵiri Latrodectus geometricus, kangaude wofiirira amene kunsi kwa mimba ali ndi banga la mtundu wa lalanje, loning'a pakati ngati mtondo. Thumba lake la mazira lili ndi timinga ponseponse. Ameneyu akaluma amadwalitsa, ndipo asaloŵe m'kalasi mpang'ono pomwe. Mwana asagwire kangaude aliyense ndi manja. Wotola akhale mphunzitsi mwini, ndi botolo ndi kapepala. Pakatha masabata atatu, otsalawo akatayidwe amoyo kutchire ana akuona.

Tsiku lija tisanachoke, kamtsikana kena kanafunsa mphunzitsi wake kuti, “Kodi aphunzitsi, wawapha ndani?” Mnyamata uja anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, “Ndine, chifukwa sindinayeze.” Pa zonse zimene anachita tsikulo, yankho limeneli ndilo tinampatsira malikisi ochuluka. Inu aphunzitsi a maŵa, ŵerengani mabuku a kutali ndithu, koma musanatsate langizo lililonse funsani kaye kuti mlembi wake anali kukhala kuti, ndipo anali kuopa chiyani.